Amalume Akhalira Ninian

Belfast,
Lamulungu masana, Juni 1797.

Okondedwa achemwali a Grizel,

Muli bwanji kumeneko? Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu monga ndinakusiyani, mukukalipira nkhuku ndi antchito ndi mawu amodzimodzi. Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Musawalole kupita kumunda wa fulakisi, mbewu ya ulusi wa nsalu ija, mame asanaume. Ine kuno thupi lili bwino. Za mtima muona nokha mukamawerenga.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Akufikani ndithu, ndiye bola muwamve kwa mwini wake. Lachinayi ndinkawoloka mlatho wautali uja ndi Letitia Bryson, namwali uja ndimamufuna, ndi mayi ake, buku m'khwapa, ndikuwafotokozera chifukwa chimene nyanja imadzazira ndi kuphwera. Masiku ano pamlathopo pali asilikali, ndipo mwamuna aliyense wodutsa amamugwetsa chipewa kuti aone tsitsi. Msilikali wina wa mano awiri anamenya chipewa changa ndi nsonga ya mfuti, nkukoka kamchira ka tsitsi langa kuti aone ngati ndi kenikeni. Ndi kenikeni. Koma pokokapo, tsitsi lonse limene ndimalisamutsa m'mbali kuti likagwire ntchito pamwamba linabwerera kwawo, dazi lonse poyera.

"Uyu mlekeni adutse," amvekere, "uyu anamumeta Mulungu, osati Afalansa."

Mlatho wonse unaseka, mpaka amayi ogulitsa nsomba. Letitia anayesetsa kuyang'ana mabwato, koma mapewa ankamugwedezeka. Za nyanja sitinapitirize.

Sekani, ndikudziwa kuti mwakhala mukulidikirira dazi limeneli. Mukatha kuseka, tsekani chitseko, mukhale pansi.

Mng'ono wathu Ninian wameta. Wameta mpala wa Afalansa uja, kamchira konse pansi, khosi poyera ngati nkhosa ya m'chilimwe. Nditamufunsa chimene chamulowa, anati ufa umene mabwana amawaza m'tsitsi mwawo ukanakhala mkate wa ana a amphawi. Anati ku Falansa anthu aufulu onse anameta, ndipo munthu woganiza sabisa chimene amakhulupirira. Ndinamuuza kuti maganizo amasungidwa m'kati mwa mutu, osati pamwamba pake pomwe msilikali wosadziwa ndi A yemwe angawerenge. Anati ndine wamantha. Ndinavomera, nkumukumbutsa kuti amantha ndi amene amaika anzawo m'manda.

Analumbiranso m'gulu lija lofuna kuti Mkatolika, Mpresibeteriya ndi wa tchalitchi cha boma akhale anthu amodzi a dziko lino, nyumba ya malamulo ya ku Dublin izisankhidwa ndi onse. Lachisanu asilikali anaphwanya nyumba yosindikizira mabuku kumene amagwira ntchito. Abwana ake anawatengera ku sitima ya akaidi yaima panyanja ija. Ninian anathawira padenga, nkufika kuno manja ali bii ndi inki, ndipo chiyambire pamenepo sanatuluke m'chipinda changa. Dzina lake asilikali ali nalo. Wometa akagwidwa amamumanga pamakwerero nkumukwapula mpaka atchule anzake, ndipo akuti kum'mwera ayamba kuwaveka chipewa cha pepala chodzaza phula lotentha, chimene pochotsa chimachoka ndi khungu. Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni. Ndikufuna mudziwe chimene chikumudikira akagwidwa.

Kumudzi sindingamutumize, popeza njira ndi mlatho womwewo. Tsitsi nalo silimva kupempha. Ku koleji ya ku Glasgow anandiphunzitsa kuyeza kutalika kwa mwezi, koma palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe anatiuza momwe tsitsi lingamerere msanga. Mmawa uliwonse ndimamupapasa pamutu ngati mlimi woyendera mbewu, iye nkumandimenya dzanja.

Tsopano za lero. Ndinapita ku mapemphero ndekha kuti anthu andione. Nditangobwerera, chipewa ndisanakoleke, tinamva mapazi olemera pamasitepe ndi chifuwa chija. Mukuchidziwa, chija chimamveka munthu asanafike pachipata. Amalume a Gawn! Anabwera dzulo ndi ngolo kudzagulitsa nsalu, ndipo popeza mkulu wa mpingo sayenda ulendo pa Sabata, anaona kuti tsiku la Ambuye akalithere kwa mphwawo. Anavala jekete lawo latsopano la mfumu, mabatani akuwala. Paja tsopano ndi sajeni m'gulu la alimi odzipereka kusaka oukira boma.

M'chipinda muno mulibe pobisala koma m'benchi la bokosi lija, lomwe masana timakhalira, usiku nkulitsegula kukhala bedi. Ninian analowamo, ine nkutseka, nkukoleka kachitsulo. Amalume analowa, anayang'ana mipando yanga iwiri, anati ndi yowonda ngati mwini wake, nakakhala phwii pabenchi.

Achemwali, pamene ndikulemba pano amalume akhalira Ninian.

Ndinawafunsa ngati angamwe tiyi. Anati ayi, sakhalitsa, angodutsa. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Mutu wanga wa ku koleji unkandiuza kuti Archy, akana, thokoza Mulungu, khala chete. Koma lilime langa linaleredwa ndi amayi. Ndinangomva likunena lokha kuti aa amalume, kakapu kamodzi kokha. Anakananso. Lilime linakakamizanso, mpaka anati chabwino, poti ketulo ili pamoto kale. Sinali pamoto. Ndinaikapo ndekha, ndi manja anga omwewa.

"Mphwako ali kuti?" anafunsa akuuzira tiyi m'kambale.

Ndinati sindinamuone mumsewu chiyambire Lachisanu, zomwe ndi zoona.

"Ndafunsa za mwana wa mchemwali wanga, iwe ukundiuza za msewu. Chabwino, usayankhe. Lero ndi Sabata, ndisakuchimwitse."

Chimene ndinkaopa kwambiri si kuti amalume atsegula benchi ayi. Munthu satsegula chimene wakhalira. Ndinkaopa pakamwa pa Ninian. Inu mukumudziwa. Chibadwire sanalolepo mawu olakwika kudutsa osayankhidwa. Ndi uja anaimirira m'tchalitchi kuuza abusa kuti vesi awerengalo silikunena zimenezo. Ndiye tangoganizani ali m'bokosi, pamwamba pake pali amalume, ndipo amalume ayamba za ndale.

"Aphunzitsi," anatero, paja akafuna kundinyoza amandipatsa ulemu, "ndamva kuti masiku ano anthu onse ndi ofanana. Tandiuzani, ine ndi Denis McAuley wonyamula batala uja ndife ofanana?"

Ndinayankha mofatsa kuti mabuku amati palibe mwana amabadwa atavala chisoti chachifumu, palibenso amabadwa ndi chishalo kumsana, ndipo boma ndi pangano la anthu, monga momwe ife timasankhira tokha abusa athu.

"Ndiye bwanji Denis amandivulira chipewa?"

Ndinati chifukwa amalume ndi amene amamugula batala.

"Pakamwa pamenepo mpomwe panawononga mwana uja. Bambo ako anagulitsa ng'ombe kuti ukabwere ndi ubusa ku Glasgow, iwe unabwera ndi mabuku a Afalansa ndi chipewa chachitali. Tamvera iwe. Mkatolika ukangomulowetsa m'nyumba ya malamulo, Khirisimasi isanafike watigulitsa tonse kwa Papa, ndi ng'ombe zathu zomwe."

Benchi linati gu!

Ndinati ndi makoswe, nyumba za m'tauni muno zavuta nawo.

"Makoswe a kuno amakonda Papa, eti?"

Ndinati makoswe a ku Belfast amawerenga kwambiri. Sanaseke. Anatulutsa kabokosi ka fodya wa m'mphuno, nayamba kufwenkha pang'onopang'ono, wina akugwera pabenchi, pomwe pali mng'alu pakati pa matabwa. Ndinayang'ana fodya uja akulowa mumng'alu ngati munthu woonerera nyumba yake ikupsa. Ndinayamba kukhosomola, kukoka mipando, kugwetsa zipuni, kuti ngati benchi liyetsemula pakhale phokoso lina. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, nati maphunziro ambiri amaononga mitsempha.

Kenaka ananena kuti ufumu unaikidwa ndi Mulungu, kuti owomba nsalu alibe chochita ndi malamulo, kuti Afalansa anayamba ndi kumeta tsitsi nkumalizira kumeta mitu yeniyeniyo. Liwu lililonse ankalitula ngati akuponya mwala m'chitsime kuti amve kuya kwake. Ine ndinkayankha msangamsanga, mwaukali kuposa momwe ndimaganiziradi, kuti Ninian amve kuti mbali yake ili ndi woiyimira, asatsegule pakamwa. Achemwali, lero ine wamantha ndalankhula mawu okwanira kundipachika, pamaso pa sajeni wa mfumu, m'malo mwa benchi.

Titafika pa nkhani ya chakhumi, mawu awo anasintha. Sindinawamvepo akulankhula chonchi.

"Ukuganiza kuti ine ndimachikonda? Moyo wanga wonse ndadyetsa m'busa wa tchalitchi chimene sindinapondemo phazi. Mwini malo ndimamuona kamodzi pachaka akudutsa pakavalo m'munda mwanga. Zimene akunena anyamatawa ndinazimva iwe usanabadwe, nthawi ija anthu anadzuka chifukwa cha lendi. Ndinali mnyamata, ndinapita kukaona powapachika. Panalibe ndi mmodzi yemwe wolemba mabuku pamenepo, Archy. Olemba mabuku amafera pabedi. Opachikidwa anali owomba nsalu, wina ndinkakhala naye benchi limodzi ku sukulu ya Sabata."

Benchi linakhala chete. Mawu otere ku Glasgow sanatiphunzitse poyambira kuwayankha.

Nthawi ya chakudya inakwana ali pomwepo. Mlendo sungamudyere pamaso, ndiye ndinaphula mbatata ndi nsomba zamchere, ndi chambiko chimene Denis anandibweretsera. Anayang'ana mumphika nati ndimaphika za anthu awiri koma thupi langa silikuonetsa. Anadya gawo lawo, anadyanso la Ninian, anapemphera pemphero lalitali lotchula mfumu ndi banja lake lonse, kenaka anatsamira kukhoma, manja pamimba, nagona.

Ndi pamene ndatenga pepalali. Akadzuka ndinena kuti ndikulemba ulaliki wa mmawa ndisanauiwale, popeza kalata pa Sabata sangaimve. Musadabwe kuti pamwamba pa tsamba lililonse pali vesi.

Za m'tauni ndi zochepa, ndipo zonse ndi zoipa. Ana asukulu akucheperachepera, makolo ena athawira ku Scotland, ena ku Amereka. Anthu akukwirira mabuku m'minda ngati mbatata. Nsalu yobiriwira palibenso amene akuigula, popeza ndiwo mtundu wa oukira boma, ndipo mayi Lowry, eni nyumba yino, adula maluwa awo apazenera poopa kuti masamba ake angawaike m'mavuto. Kusukulu ndasiya kuphunzitsa mbiri ya Aroma, popeza muli mafumu ambiri ophedwa. Tikungowerengetsa masamu.

Ndikulemba izi kuti dzanja likhale ndi chochita. Dzuwa lachoka pazenera. M'benchimo mwakhala chete nthawi yaitali kwambiri. Kumbuyo kwake kuli kabowo kamene ndimakhulupirira kuti kakulowetsa mpweya, koma amalume alikankhira kukhoma ndi msana wawo. Mmawa ndinkapemphera kuti Ninian asalankhule. Tsopano ndikutchera khutu pakati pa mkonono wa amalume kuti mwina ndimve ngakhale kakupuma. Ndayesa kugwetsa buku, sanadzuke. Ndaganiza zofuula kuti moto, koma asilikali ndi amene amayamba kufika kukakhala moto.

Akutakataka. Ndiime kaye.

Ndatenganso cholembera. Aimirira, avala chipewa, atsanzika, koma mukuwadziwa amalume. Ali pamasitepe akukambirana ndi mayi Lowry za nyamakazi, chitseko cha chipinda changa achisiya chotsegula, ndipo abwerera kale kamodzi kudzatenga ndodo. Benchi sindingalikhudze. Ndikuuzeni msanga zimene ananena atadzuka.

Anadziwongola, anasisita benchi ndi chikhatho ngati munthu woyesa kavalo pamsika, nati ndi thabwa labwino. Anati amayi akhala akudandaula kuti alibe pogoneka alendo. Za mtengo sanena lero popeza ndi Sabata, koma Lachiwiri mmawa akubwerera kumudzi ngolo ili yopanda kanthu, ndipo adzalitenga.

Ndinati pamlatho asilikali amatsegula katundu yense.

"Ngolo yanga? Ndi jekete ili? Amachita kundiperekera sawatcha." Kenaka anandiyandikira, mpweya wonse fodya, natsitsa mawu. "Tamvera, mphwanga. Ine ndinaika dzanja pa Baibulo, ndinalumbira kuti ndikaona wometa ndi maso angawa ndimupereka, akhale ndani akhale ndani. Lumbiro langa sindinaliphwanyepo ndipo sindiyamba ndi ukalamba uno. Lero maso anga sanaone kanthu. Ulimange benchili ndi chingwe cholimba, mfundo zambiri, kuti lisatseguke panjira. Ndipo uliuze kuti likangoyamba za ufulu wa anthu tili pamlatho, ndiliponya mumtsinje."

Achemwali, ndakhala ndikuwayeza mawu amenewa mbali zonse. Ukatuluka mumsewu wathu uno, kumanja ndi kumlatho, kumanzere ndi kunyumba za asilikali. Benchi lomangidwa ndi chingwe lingapite kulikonse. Koma amalume sananamepo, ngakhale pogulitsa kavalo wotsimphina uja anachita kumuonetsa wogula mwendo wake. Njira ina ndilibe, ndipo akuti sabata ino asilikali ayamba kusecha nyumba ndi nyumba. Ndavomera. Ngati Ninian akana, ndimumanga ndekha.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Kalatayi ibwera ndi Denis mawa, positi sindiikhulupirira. Mukawerenga muiponye pamoto. Lachiwiri antchito muwatumize kutali, kukadula udzu kudambo. Ngolo ikafika, benchi litsitsidwe, liikidwe m'nyumba, chingwe osachikhudza amalume ali pomwepo. Akangoona mutu umenewo, achita zimene analumbira, akulira koma achita. Ndipo Ninian adzakhala atapindika m'bokosimo kuyambira mbandakucha, ngolo ikumugwedeza njira yonse ya ku Saintfield yobwera kumudzi ija.

Choncho, chonde achemwali, amalume musawapatse tiyi.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndi mlongo wawo wa amayi, adzakhala atayenda tsiku lonse, ndipo m'nyumba mwathu simunatulukepo munthu kukhosi kuli gwa, ngakhale wokhometsa chakhumi. Mudzawafunsa, popeza kusafunsa simungathe. Adzakana, popeza nawonso sangathe kuvomera koyamba. Pamenepo pomwepo mulume lilime. Musati kakapu kamodzi kokha. Munene kuti chabwino amalume, muyende bwino, muwapatse chipewa m'manja. Ine lero ndalephera, ndipo mwaona chimene chachitika. Inu ndinu olimba mtima kuposa ine, munandichotsapo dzino ndi ulusi osaphethira.

Ovuta ndi amayi. Akangowaona achimwene awo, ketulo ipita yokha pamoto, ndipo sadzachoka mpaka ng'ombe zitalowa m'khola. Muwauze zoona zonse usiku wa mawa, kapena muwatumize kwa azakhali kukaona mwana wobadwa uja. Inu ndi amene mukuwadziwa bwino mtima wawo, sankhani. Amalume akakwiya, akwiye. Mwina mumtima adzakuthokozani. Tidzawapepesa tsitsi likamera, ndipo mpaka nthawi imeneyo Ninian akhale pamwamba pa khola, asaoneke kutchalitchi kapena kumsika, ndipo musamupatse munthu woti azitsutsana naye.

Ngati dzuwa la Lachiwiri lilowa ngolo isanafike, musadikire mmawa. Mutumize Denis kwa ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti masokosi anandikwana ndipo ndikudya bwino. Moni kwa azakhali ndi kamwana kawo, kwa alamu athu ndi ana onse, ndi kwa asuweni a kuchigayo. Kwa akazi awo a amalume moni wapadera, koma musawauze kanthu, pakamwa pawo mukupadziwa. Nkhani ya dazi mutha kuuza aliyense, ithandiza kuti anthu aziseka za ine m'malo mofunsa za wina.

Dikirani. Mayi Lowry akuwafunsa ngati angamwe tiyi asanapite. Akana. Achemwali, ndagwira tebulo ndi manja awiri. Mayi Lowry ndi a ku England, Mulungu awadalitse, sanafunse kachiwiri.

Chitseko cha kumsewu chatsekeka. Ndikuwaona pazenera, akupita kumapemphero a madzulo, ndodo ikugogoda miyala, sanacheuke. Ndathamangira pabenchi, ndagogoda, ndaitana dzina lake. Poyamba zii. Kenaka kamawu kosasa katuluka mumng'alu, kakuti amalume alakwitsa pa nkhani ya Papa, ndipo ine ndawayankha mofooka.

Ali moyo. Ndisiye pano ndikamutsegulire.

Ndine mlongo wanu wokukondani, wamantha monga kale,

Archibald Gault